Mizere yanga yonse ikuthera pa "a", nanga bwanji sikugwirizana?

Funso

Ndine mayi amene ndayamba kumene kulemba ndakatulo. Mnzanga wina amene amawerenga kwambiri za Chingerezi anandiuza kuti ndakatulo yeniyeni imafunika mizere yake izithera ndi mawu omveka mofanana. Ndinayesa, ndipo ndinalemba ndime iyi:

Dzuwa latuluka, mbalame zikuimba,
Ine pakhomo ndakhala ndikudikira,
Mtima wanga sukufuna kugona,
Poti amene ndimamukonda anachoka.

Mizere yonse yathera pa "a", koma ndikaiwerenga mokweza sindikumva kugwirizana kulikonse. Ndalakwitsa pati? Nanga kufanana kwa mathero kumeneku n'kwa ntchito yanji, ndipo n'zoona kuti popanda iko palibe ndakatulo?

Yankho

Mayi, khutu lanu silinakunamizeni. Mizere yanu inayi yathera pa "a", inde, koma m'Chichewa imeneyo si nkhani. Mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, ndipo malembo a liwu tili nawo asanu okha: a, e, i, o, u. Ngakhale mawu obwereka timayamba tawaveka lembo la liwu kumapeto asanakhazikike m'kamwa mwathu: buku, sukulu, tebulo, foni. Kuwonjezera apo, mneni wa Chichewa nthawi zambiri amathera pa "a": imba, dikira, gona, choka. Tsono munthu akalemba mizere yothera ndi aneni, mathero a "a" amabwera okha osawaitana. Kuyembekezera kuti womvera achite nazo chidwi kuli ngati kumuuza kuti anthu awiri amene mwakumana nawo panjira onse anali ndi mphuno.

Kugwirizana kwa mathero kumene khutu limakumva kumafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi, kufanana ndi kusiyana. Mawu awiri afanane kuyambira pamalo ena ake mpaka kumapeto, koma asiyane kumayambiriro. Moto ndi loto. Njira ndi mchira. Akafanana paliponse, monga moto ndi moto, ndiye kuti mwangobwereza mawu. Chibwereza n'chida chabwino, koma n'chida china. Funso lalikulu ndi lakuti kufananako kuyambire pati, ndipo yankho lake limasiyana chiyankhulo ndi chiyankhulo.

M'Chingerezi, chimene mnzanuyo amawerenga, mawu ambiri amathera pa malembo opanda liwu, ndipo mathero ake ndi a mitundu yosawerengeka. Kumeneko kufanana kumayambira pa liwu limene limatchulidwa mwamphamvu m'mawuwo, monga night ndi light. Popeza mathero ngochuluka, kupeza awiri ofanana ndi ntchito, ndipo womvera amaimva ntchitoyo. Mawu akuti love ali ndi anzake owerengeka okha, monga dove, above ndi glove, n'chifukwa chake alakatuli ndi oimba a Chingerezi akhala akuzungulira pa mawu omwewo zaka mazanamazana.

Ife kugunda kwamphamvu kwa Chingerezi kuja tilibe, koma tili ndi chathu. Nenani mokweza kuti "Ndaona nyanja", ndipo mudzimvetsere. Phatikizo loti "nya" limakokeka pang'ono, ngati mukuti nyaanja. Nenaninso kuti "Ndikufuna kugona". Limene lakokeka ndi "go". M'Chichewa tikafika pamapeto a chiganizo kapena popumira, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika, ndipo lomaliza limangogwa mopepuka. Mapeto a mzere wa ndakatulo ndi popumira. Choncho khutu la woyankhula Chichewa limatchera pa phatikizo lotalikalo, osati pa "a" womaliza uja, ndipo apo ndi pamene kugwirizana kuyenera kuyambira: liwu la phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamodzi ndi phatikizo lonse lomaliza.

Tamvani awa. Nyanja, banja, dzanja. Mwezi, nyenyezi. Chaka, nthaka, mphaka. Khomo, mlomo, chisomo. Ludzu, udzu. Mutu, khutu. Mayi, mwayi, ayi. Mtambo, dambo, mwambo. Palibe amene angafunike kuuzidwa kuti mawu awa akugwirizana. Mwana wamng'ono amamva, ndipo kawirikawiri amaseka.

Pakati pa mathero a "a" opanda mchere aja ndi kugwirizana kwathunthu kumeneku pali masitepe awiri. Loyamba ndi pamene phatikizo lomaliza lokha ndilo lafanana, monga mvula ndi khola, kapena mwezi ndi misozi. Izi zimamveka, koma mwapatalipatali, ndipo zimafunika kubwera kangapo motsatana kuti womvera azindikire kuti mwachita dala. Lachiwiri ndi pamene malembo a liwu awiri omaliza afanana koma opanda liwu asiyana. Ndipo apa ndikuuzeni chimene mwina simunachione m'ndime yanu. Zikuimba ndi ndikudikira onse athera pa i kenako a. Kugona ndi anachoka onse athera pa o kenako a. Mizere yanu yagwirana iwiriiwiri, woyamba ndi wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi. Kugwirizanako n'kofooka, n'chifukwa chake simunakumve, koma kulipo, ndipo kukuchokera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto lija. Malembo a liwu asanu akakhala awiriawiri chonchi amapereka njira 25 zothera mzere, m'malo mwa zisanu zokha, ndipo khutu limayamba kupeza chosiyanitsa.

Koma musathamange, chifukwa ngakhale lamulo la phatikizo lachiwirili lili ndi misampha yake, ndipo waukulu ndi misintho ya aneni. Kukondana, kuthandizana, kumverana, kukhululukirana: onsewa athera pa "ana", lamulo lakwana, koma amene wagwira ntchito si mlakatuli, ndi galamala. Chimodzimodzi ndi -idwa ndi -edwa, -itsa ndi -etsa, -ira ndi -era. Munthu akhoza kudzaza tsamba lathunthu ndi mathero otere osatuluka thukuta, ndipo womvera amatopa pofika mzere wachinayi chifukwa wadziwa kale kuti wachisanu uthera pati. Sindikuti n'zoletsedwa. Kukondedwa ndi kudedwa ndi mathero a galamala, koma mukawaika moyang'anizana amaluma, chifukwa matanthauzo ake akumenyana pamene maliwu ake akukumbatirana. Chimene ndikukana ndi kuwatola chifukwa choti ali pafupi.

Msampha wina ndi wanga, yanga, changa. Moyo wanga, mtima wanga, nyumba yanga, chikondi changa. Nyimbo zachikondi zadzaza nazo. Winanso ndi timawu tomata kumapeto monga -tu, -di, -nso ndi ndithu, timene munthu amaika mzere ukakana kugwirizana ndi unzake. Womvera amazindikira msanga kuti "ndithu" uyu wabwera kudzatseka dzenje.

Mathero okoma kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi amene amakumanitsa mawu a mitundu yosiyana, makamaka dzina ndi mneni. Mantha ndi kukantha. Njira ndi kulira. Mvula ndi kukula. Mtima ndi kuzima. Mawu otere galamala sinawamange pamodzi. Akakumana kumapeto kwa mizere, womvera amamva ngati chiyankhulo chinabisa ubale umenewu ndipo mlakatuli wauvumbula. Mantha ndi kukantha si apachibale, koma mukawamva pamodzi mumayamba kuganiza za munthu amene amamenya chifukwa choopa. Ganizo limenelo simunalilembe, laperekedwa ndi maliwu.

Izi zatifikitsa pa funso lanu lachiwiri, lakuti mathero ofanana ndi a ntchito yanji. Ntchito yake yakale kwambiri ndi kuuza khutu kuti mzere watha. Papepala maso amaona pamene mzere wathera, koma ndakatulo inayamba kumvedwa isanayambe kuwerengedwa, ndipo womvera alibe pepala. Liwu likabweranso, amadziwa kuti tafika pamphambano. Ntchito ina ndi kuthandiza kukumbukira: ukagwira mzere woyamba, mathero a wachiwiri wawadziwa kale theka, ndipo mawu amene angakwane pamenepo amachepa. N'chifukwa chake nyimbo za ana, mawu otsatsa malonda ndi mawu okopa anthu pa ndale amakonda mathero ofanana m'maiko ambiri.

Ana ndiye amazikonda kuposa tonse. M'chaka cha 1983, Lynette Bradley ndi Peter Bryant a ku yunivesite ya Oxford anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana pafupifupi 400 a zaka 4 ndi 5. Anapeza kuti ana amene ankatha kuzindikira mawu ofanana mathero kapena mayambiriro asanayambe kuwerenga, ndi amene pambuyo pake ankawerenga ndi kulemba bwino. Anawo anali oyankhula Chingerezi, ndiye tisatengere zonse mmene zilili, koma mfundo yake ndi yomveka kulikonse: mwana amene wamva kuti mutu ndi khutu akufanana penapake wayamba kuzindikira kuti mawu amaphwanyika m'tizidutswa, ndipo kuwerenga kumayambira pomwepo.

Palinso mbali ina yofunika kuchenjera nayo. M'chaka cha 2000, Matthew McGlone ndi Jessica Tofighbakhsh anapatsa anthu timawu tanzeru tosadziwika kwenikweni, tina tothera mofanana, tina tosinthidwa kuti tanthauzo likhale lomwelo koma mathero asiyane. Anthuwo ankaona ngati tothera mofanana tija ndi toona kwambiri. Mawu akamatsetsereka bwino m'khutu, maganizo amafulumira kuwavomera. Mlakatuli ayenera kudziwa zimenezi pa iye mwini: mzere ukhoza kukukomerani chifukwa wagwirizana ndi unzake, pamene chimene ukunena n'chopanda mutu.

Koma ntchito imene ine ndimaikonda kwambiri ndi kusewera ndi chiyembekezo cha womvera. Ndatenga ganizo la ndime yanu, la munthu wodikira pakhomo, ndi kulilembanso chonchi, kungoti ndalisamutsira madzulo:

Dzuwa lalowa, bwalo ladzaza mdima,
Galu akauwa ndiyesa ndi mlendo;
Nyali nayo yatopa, ikufuna kuzima,
Ndaima pakhomo mpaka dzanzi m'mwendo.

Mzere woyamba wagwirana ndi wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi. Tsono taonani chimene chikuchitika pa mdima. Aliyense amene wamvapo nyimbo zachikondi akamva mdima amadikira mtima. Awiriwa ayenda limodzi mpaka atopetsa, monga mmene amore ndi cuore, chikondi ndi mtima, anatopetsera anthu a ku Italy. Ine mtima sindinautchule. Pamalo pake pabwera kuzima, ndipo womvera amene amadikira mtima amaumvabe chapansipansi, nkuyamba kuganiza kuti mwina chimene chikuzima si nyali yokha. Ndiponso kufunafuna mnzake wa mlendo ndi kumene kunandipatsa dzanzi la m'mwendo, chinthu chimene munthu woima nthawi yaitali amachimvadi m'thupi, ndipo chimanena za kudikira kuposa mawu akuti ndikudikira. Mathero ofanana akagwira bwino ntchito amakukankhirani ku mawu amene simukanawaganiza. Akagwira moipa amakukankhirani ku mawu amene simumafuna kunena.

Tsopano za mnzanu uja. Akulakwa, ndipo ngakhale mabuku a Chingerezi amene amawerengawo akumutsutsa. Ndakatulo zakale za Chingerezi, monga Beowulf, sizinkagwirizanitsa mathero. Zinkabwereza liwu loyamba la mawu mkati mwa mzere. Masewero a William Shakespeare mbali yake yaikulu ndi mizere yoyezedwa bwino koma yosagwirizana mathero. John Milton anatulutsa Paradise Lost mu 1667 yopanda mathero ofanana, ndipo owerenga ena atadabwa, anawonjezera mawu oyamba ofotokoza kuti kwa iye mathero otere ndi goli losafunika. Tikabwerera m'mbuyo kwambiri, Homer wa Chigiriki ndi Virgil wa Chilatini ankamanga mizere yawo pa kutalika ndi kufupika kwa maphatikizo. Masalimo a Chiheberi amayenda ndi maganizo awiriawiri, mzere wachiwiri kunenanso, kukulitsa kapena kutsutsa zimene woyamba wanena, n'chifukwa chake amakomabe akamasuliridwa m'chiyankhulo chilichonse. Alakatuli a Chisomali amasankha liwu limodzi loyambira mawu ndi kulisunga mzere uliwonse mpaka ndakatulo yonse kutha. Ku Europe mathero ofanana anafala mochedwa, ndipo nyimbo za tchalitchi za Chilatini zinathandiza kuwafalitsa.

Kwina mathero ofanana ndi akale zedi. Ku China, buku la nyimbo 305 lotchedwa Shijing, la zaka zoposa 2,500 zapitazo, lili nawo kale. Ndakatulo zakale za Chiarabu zimagwira mathero amodzi kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, ngakhale mizere itakhala makumi angapo.

Chimene chingakuthandizeni kwambiri inu ndi kuona zimene anachita anthu a ziyankhulo zokhala ngati chathu, zimene mawu ake amathera pa malembo a liwu. Chijapani chili ndi malembo a liwu asanu ngati ife, ndipo pafupifupi mawu ake onse amathera pa amenewo. Alakatuli ake akale sanavutike ndi mathero. Anasankha kuwerenga maphatikizo, monga mu haiku imene imayenda 5, 7, 5. Chitaliyana nachonso mawu ake ambiri amathera pa lembo la liwu, koma kumeneko anatenga njira imene ndakuuzani ija, yoyambira kufanana pa phatikizo lolemera, limene kawirikawiri limakhala lachiwiri kuchokera kumapeto. Dante Alighieri, amene anamwalira mu 1321, analemba ndakatulo yake yaitali m'timagulu ta mizere itatuitatu, mzere wapakati wa kagulu kalikonse ndi kupereka mathero a mzere woyamba ndi wachitatu wa kagulu kotsatira, ngati unyolo. M'Chingerezi kuchita zimenezo n'kovuta kwambiri chifukwa mawu ogwirizana amatha msanga. M'Chichewa zingatheke, ndipo ndikanakonda kuona wina atayesa.

Chiswahili, chimene ndi chibale chathu, chinatenga njira yachitatu. Kumeneko chimene chimafanana ndi phatikizo lomaliza, monga mvula ndi khola muja, ndipo amatcha mathero amenewa vina. Ndanena kuti mathero otere ndi ofooka, nanga iwo amawamveketsa bwanji? Amawamanga pamodzi ndi chiwerengero chokhwima cha maphatikizo, chimene amatcha mizani. Mu mtundu wa ndakatulo wodziwika bwino wotchedwa shairi, mzere umakhala ndi maphatikizo 16, ogawidwa 8 ndi 8, ndipo mathero amagwirizana pakati pa mzere ndi kumapeto komwe. Mu mtundu wina wotchedwa utenzi, ndime imakhala ndi timizere tinayi ta maphatikizo 8, titatu toyamba tothera mofanana, kachinayi ndi kusunga mathero amodzi ndakatulo yonse. Popeza womvera amadziwa nthawi yeniyeni imene liwu libwerere, ngakhale phatikizo limodzi limamveka. Phunziro lake kwa inu ndi lakuti mathero ofanana amadalira kutalika kwa mizere. Wina ukakhala wa maphatikizo 9, unzake wa 17, mathero afika womvera atasiya kale kuwadikira. Komabe ngakhale kumeneko mkangano unabuka. Euphrase Kezilahabi wa ku Tanzania atatulutsa Kichomi mu 1974, ndakatulo zopanda vina ndi mizani, osunga mwambo anati zimenezo si ndakatulo, mawu omwewo amene mnzanu wakuuzani. Lero mitundu yonse iwiri imalembedwa ndi kuphunzitsidwa.

Ku South Africa kunachitikanso zofanana, koma mozondoka. B.W. Vilakazi, m'buku lake la ndakatulo za Chizulu la mu 1935, Inkondlo kaZulu, anayesa mathero ofanana potengera alakatuli a Chingerezi. H.I.E. Dhlomo anamutsutsa poyera, ponena kuti mphamvu ya ndakatulo za Chiafirika ili m'kayendedwe ka mawu, osati m'mathero. Pofika mu 1945, m'buku lake lachiwiri, Amal'ezulu, Vilakazi anali atawasiya kwambiri matherowo. Funso lanu, mayi, lavutitsapo akuluakulu.

Dhlomo anali ndi mfundo, ndipo mukhoza kuiyesa nokha pa miyambi yathu. Miyambi ndi mawu amene anthu anawasula kuti asaiwalike, choncho ngati Chichewa chikanadalira mathero ofanana, tikanawapeza mmenemo ali mbwee. Alipo apo ndi apo. "Madzi akatayika saoleka" ali ndi -ika ndi -eka, amene akuyandikana. Koma tamvani kumene kuli phokoso lenileni: "Chiswe chimodzi sichiumba chulu." "Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike." "Walira mvula walira matope." Kugwirizana kwathu kuli kumayambiriro kwa mawu. Dzina likalowa m'chiganizo limakoka agwirizanitsi ake, ndipo liwu lake limamveka pa mawu onse otsatira: chinthu chachikulu chija chagwa, kanyali kanga kakang'ono kakuphethira kokha. Zimene wolemba Chingerezi amachita kuzisaka, ife chiyankhulo chimatipatsa chokha.

Apanso chenjezo ndi lomwe lija la misintho ya aneni: chimene galamala yapereka yokha sichikhala luso mpaka mutachitapo kanthu. Taonaninso mwambi wa chiswe. Chi wa chimodzi ndi wa sichiumba ndi wa galamala, sakanalephera kubwera. Koma chulu anachita kusankhidwa, ndipo ndi iye amene watseka mwambiwo ndi liwu limene unayambira. Mu "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto", mo wa mozimira wabwera ndi galamala, koma mo wa moto ndi mphatso ina. Luso lili pamenepo, pamene liwu la galamala lakumana ndi liwu la mawu osankhidwa. Onjezani mivekero, monga zii, phuu, mbuu, ndi kubwereza mzere wathunthu pamalo oyenera, ndipo muona kuti ndakatulo ya Chichewa ikhoza kulira bwino m'khutu popanda mizere iwiri yothera mofanana.

Mukasankha kugwiritsa ntchito mathero ofanana, muziweruza ndi khutu, osati ndi maso. Phiri ndi ndili amalembedwa mosiyana, wina r wina l, koma m'kamwa mwathu liwulo ndi limodzi, ndipo awiriwa amagwirizana bwinobwino. Anthu ndi kwathu sagwirizana kwathunthu chifukwa cha n uja, koma ali pafupi kwambiri moti m'ndakatulo yolakatulidwa amadutsa, ndipo nthawi zina kuphonyana pang'ono koteroko kumakoma kuposa kugundana ndendende mzere uliwonse.

Pali chinanso chimene pepala silionetsa: kukwera ndi kutsika kwa mawu. Khungu la pathupi ndi khungu la maso timalemba chimodzimodzi koma sitinena chimodzimodzi, monganso mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu. Choncho mawu awiri akhoza kufanana malembo onse a kumapeto, koma wina n'kuthera m'mwamba wina pansi, ndipo polakatula mumamva kuti china chake sichinakhale bwino. Alakatuli akale a ku China, amene chiyankhulo chawo chimasiyanitsanso mawu mwa njira imeneyi, anaziika m'malamulo, moti buku lawo la mathero lotchedwa Qieyun, la m'chaka cha 601, linasanja mawu potsata kakwezedwe kake. Ife sitifunika kufika pamenepo. Kungowerenga mokweza n'kokwanira. M'nyimbo vutoli limachepa chifukwa chuni chimaphimba kukwera ndi kutsika kwa mawu, n'chifukwa chake mathero ena amene amakoma poimba amagwa mphwayi mukangowanena.

Musaganizenso kuti malo ake ndi kumapeto kwa mzere kokha. Oimba rap, nyimbo zimene zinayambira ku Bronx mumzinda wa New York m'zaka za m'ma 1970, anaonetsa dziko kuti kugwirizana kukhoza kugwa pakati pa mzere, ndiponso kukhoza kutenga mawu awiri kapena atatu nthawi imodzi. Kulira usiku, kudikira tsiku: apa -ira wagwirana ndi -ira, -iku ndi -iku. Kwa chiyankhulo chimene mathero a phatikizo limodzi ndi otchipa ngati chathu, njira imeneyi yotalikitsa kufanana ndi yothandiza kwambiri, ndipo alakatuli olemba papepala akhoza kuphunzira kwa oimbawa m'malo mowanyoza.

Chimene chimaulula msanga kuti mlakatuli wagonja ndi kupotoza chiganizo kuti mawu ofunikawo afike kumapeto. "Nyumba yaikulu ine ndinamanga" ndi Chichewa chopunduka, ndipo aliyense amamva kuti mneni wakankhidwira kumeneko kuti akakumane ndi wanga wa mzere wotsatira. Mwayi wathu ndi wakuti chiyankhulochi chimalola kusuntha mawu ngati mwaika kachidutswa koloza chinthucho mkati mwa mneni: "Nyumba yaikuluyo ndinaimanga" ndi mmene anthu amayankhulira. Ndiye musanapotoze, yambani mwaona ngati palibe njira yachibadwa yonenera zomwezo.

Nanga mawu amene akusowa anzake? Alipo, ndipo ena ndi amene alakatuli amawafuna kwambiri. Imfa ndi amodzi mwa iwo. Njira yapafupi ndi kuwachotsa kumapeto ndi kuwaika pakati pa mzere, pamene safunika mnzawo. Moyo nawonso amaoneka ngati ali okha mukamasaka pakati pa mayina, koma mnzawo amapezeka mukamvetsera mmene anthu amayankhulira akapsa mtima:

Usandiphunzitse za moyo,
Ndinaimva kale nyimbo yakoyo.

Uyu ndi -yo womata kumapeto, wa gulu lomwe lija ndakuchenjezani nalo. Kusiyana kwake n'kwakuti pano sanabwere kudzatseka dzenje. Mukamuchotsa, mathero amatha, komanso mwano wa woyankhulayo umatha nawo, chifukwa "nyimbo yako" ndi mawu wamba pamene "nyimbo yakoyo" ndi mawu a munthu amene watopa nawe. Muziyesa choncho mawu aliwonse amene mwaika kumapeto kwa mzere: achotseni, muikepo ena a tanthauzo lomwelo osagwirizana ndi mzere unzake, ndipo muone ngati chatayika ndi liwu lokha kapena pali chinanso.